Dzino Kusiya Kupweteka Sikuchira: Bwererani Akalimate

M'zipinda zothandizira odwala mano muli nkhani imodzi yomwe yawatopetsa anamwino. Munthu amafika tsaya lili tumbi, usiku wonse osagona. Dokotala amaboola dzino, n'kuchotsa mtsempha wovunda wa m'kati, ntchito yomwe amaitcha root canal, kenako n'kutseka bowolo ndi chomatira chongoyembekezera. Amamupatsa tsiku lobweranso. Tsikulo likakwana, munthu uja osaoneka. Kumudzi anamuuza kale kuti mtsempha ukachoka ndiye kuti dzino lafa, ndipo chakufa sichidwalanso.

Limenelo ndi bodza. Ululu umatha chifukwa mtsempha womwe unkamva kupweteka wachotsedwa, koma muzu wa dzino udakali m'fupa lamoyo la nsagwada. M'timayenje ta muzuwo dokotala amaikamo gutta-percha, utomoni wochokera ku mitengo ya ku Malaysia ndi Indonesia. Utomoniwu paokha sutchinga malovu. Chomatira chongoyembekezera chija nacho chimagwira milungu yochepa chabe, kenako chimayamba kuperepeseka. Majeremusi a m'kamwa amalowa mwakachetechete mpaka kunsonga ya muzu, mwini dzino osamva kanthu, kufikira tsiku lomwe mafinya adzatulukire pa nkhama.

Wodwala abwerere pa tsiku lomwe anapatsidwa. Kaya dzino silikupweteka, abwerere.

Chomwe akuthawacho n'chopepuka kuposa zomwe anapirira kale. Chomatira chokhalitsa chimatchedwa kompoziti, phala la pulasitiki losakaniza ndi ufa wosalala wa galasi, lomwe Rafael Bowen wa ku America anayambitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Mtundu wake ndi wa dzino lenileni, moti pa mano akutsogolo mnzako sangadziwe kuti panamatidwa. Dokotala amapaka kaye asidi wochepa kwa masekondi 15 mpaka 30 kuti pakhale pogwira, n'kutsuka, n'kuumitsa, n'kupaka guluu. Akatero amaika phalalo pang'onopang'ono, kawirikawiri osapitirira mamilimita 2 nthawi imodzi, n'kumaliwalitsa ndi nyali ya buluu pafupifupi masekondi 20 kuti liume gwa. Nyaliyo si X-ray. Munthu amatuluka chomatira chitauma kale.

Pali chifukwa china chobwererera kwa dokotala. Dzino lobooledwa limatsala ndi makoma opyapyala, ndipo pano anthu amadya nzimbe, chimanga chokazinga ndi mafupa a nkhuku, osanena za amene amatsegulira mabotolo ndi mano. Likang'aluka mpaka ku muzu, palibenso chomata. Amangolizula, ndalama ndi maulendo onse aja n'kupita pachabe. Pa mano otafunira a kumbuyo omwe agumuka kwambiri, kompoziti yekha nthawi zina sakwana, ndipo dokotala amavekanso kachipewa kotchedwa crown. Wosankha ndi dokotala atalipima dzinolo, osati achibale kunyumba.

Anamwino akubwerezanso, poti zikuoneka kuti sizikumveka: kusiya kupweteka sikuchira. Amene anaphonya tsiku lake apite sabata ino, asachite manyazi. Chomatira chongoyembekezera chikagwa, asatsekepo ndi thonje, phula kapena mankhwala azitsamba. Apite tsiku lomwelo. Tsaya likatupa, thupi likatentha kapena akamavutika kumeza, athamangire kuchipatala ngakhale ndi usiku.

Podikira tsikulo azitafunira mbali inayo. Kutsuka mano kawiri pa tsiku ndi mankhwala okhala ndi fluoride, ndi kuchepetsa shuga, aliyense akudziwa kale.