Kudzutsa ndege yamatabwa imene yagona m'shedi

Ku America si zachilendo kumva kuti gogo wina watsikira kulichete n'kusiya ndege m'shedi ya kumunda, mapiko atapachikidwa kudenga, matayala ataphwa, fumbi lili mbuu. Ana ake sadziwa chochita nayo, ndiye amaigulitsa pamtengo wozizira. Zambiri mwa ndege zoterezi sizinatuluke m'fakitale. Mwiniwake anazipanga yekha ndi sowo, pulena ndi guluu, madzulo akaweruka kuntchito.

Imodzi yodziwika kwambiri ndi Pietenpol Air Camper. Anaiyambitsa Bernard Pietenpol, makaniko wodziphunzitsa yekha wa ku Cherry Grove m'chigawo cha Minnesota, ndipo mu 1929 inauluka ndi injini ya galimoto ya Ford Model A. Mapulani ake atasindikizidwa mu 1932, anthu anayamba kuipanga m'magalaja mwawo ndipo mpaka lero sanasiye. Ndi ya anthu awiri okhala motsogozana, mitu ili pamtunda. Phiko lake ndi lotalika pafupifupi mamita 9 ndipo limakhala pamwamba ngati ambulera. Mafupa ake ndi matabwa a spruce ndi pulayiwudi, khungu lake ndi nsalu. Titenge imeneyi ngati chitsanzo, ngakhale zambiri zimene ndinene zikukhudza ndege ina iliyonse yopangira pakhomo.

Mukagula ndege yotere mwagula manja a munthu amene simunamuonepo. Mwina anali mmisiri wosamala, mwina anali wa changu, wongoti bola zagwirana. Penti sangakuuzeni. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Choncho ntchito yonse yagona pa kuona ndi maso anu chilichonse chimene chabisika.

Yambani ndi mapepala musanagwire sipanala. Funsani mabuku a ndegeyo, a injini ndi a pulopela, mmene mumalembedwa maola amene yauluka ndi zonse zimene zinakonzedwapo. Funsaninso mapulani amene wopangayo anatsatira, chifukwa ndiwo adzakuonetseni pamene anapatuka n'kuchita zamutu wake. Ku America bungwe la FAA limaika ndegezi m'gulu la Experimental Amateur-Built, ndipo iliyonse imakhala ndi chikalata cha malire a kaulukidwe kake. Wogula amaloledwa kuikonza yekha, koma chaka ndi chaka pafunika munthu wachiphaso, monga makaniko wa ndege wa A&P, kuti aiyendere n'kusaina. Ku Britain ntchito yoyendera ndegezi ili m'manja mwa Light Aircraft Association. Kulikonse kumene muli, pezani woyendera wanu tsiku loyamba, osati ntchito itatha. N'zowawa kuuzidwa kuti mung'ambe nsalu yatsopano chifukwa iye sanaone zam'kati. Ndipo safunsa anadya phula: bungwe la EAA, limene Paul Poberezny anayambitsa mu 1953, lili ndi alangizi amene amayendera ntchito za anzawo mongodzipereka, ndipo eni ake a Pietenpol amakumana chaka chilichonse mu July ku Brodhead, Wisconsin.

Kenako ivuleni. Ambiri amachita mphwayi pamenepa poona kuti nsalu ikadali yowala, koma ndege imene yagona zaka zambiri ndipo mbiri yake ndi yokayikitsa siyenera kuuluka ndi chovala chakale. Jambulani zithunzi musanamasule kalikonse, ndipo bawuti iliyonse ilowe m'kathumba kolembedwa kumene yachokera. Dulani nsalu mosamala, muisunge, idzakukumbutsani pamene panali mabowo a mawaya. Musadabwe kupeza chisa cha mbewa m'phiko. Mkodzo wa mbewa umadya ulusi, umawoletsa thabwa, umachititsa chitsulo dzimbiri.

Pa matabwa ndiye pofunika kukhalitsa. Tengani tochi, kagalasi ndi kampeni kosongoka, muyambire pansi, chifukwa madzi amatsikira kumeneko: kumchira, pansi pa mipando, m'mphepete mwa phiko chakumbuyo. Thabwa lakuda kapena lonunkha nkhungu libayeni pang'ono ndi nsonga ya mpeni. Lamoyo limakana ndipo limatulutsa kachidutswa kataliko. Lowola limangonyenyeka ngati chigumu. Pulayiwudi igogodeni ndi ndalama yachitsulo. Pomatika bwino pamalira momveka bwino, pomatuka pamamveka ngati ng'oma yoboola.

Guluu ali ndi nkhani yakeyake. Ndege zakale ankazimata ndi casein, guluu wochokera ku mkaka, amene chinyezi chimamuwononga. Ena ankagwiritsa ntchito wa urea-formaldehyde, amene amafooka akakhalitsa pamalo otentha ndi achinyezi. Kankhani ndi chala timatabwa tating'ono tolumikiza nthiti za phiko, kamodzikamodzi. Kakathothoka, yang'anani pamene kachoka. Mukaona tizidutswa ta thabwa titatsalira, guluuyo anali wolimba kuposa thabwa ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira. Pakakhala posalala, guluu wafa, ndiye musakhulupirire mfundo ina iliyonse yomatidwa ndi guluu yemweyo. Masiku ano ambiri amamata ndi epoxy monga T-88.

Choopsa kuposa zonse chimabisala m'mitanda iwiri ikuluikulu ya phiko. Ndege ikagunditsapo nsonga ya phiko pansi, mitsempha ya thabwa imatha kupindika m'kati osathyoka, n'kusiya kamzere kopyapyala ngati tsitsi kopingasa thabwalo. Mukawalitsa tochi molunjika simukaona. Igonekeni tochiyo cham'mbali kuti kuwala kuyende pamwamba pa thabwa, makamaka pafupi ndi pamene pamangidwa zitsulo zochirikiza phiko. Mukakapeza, mtandawo watha ntchito pamenepo. Njira zovomerezeka zolumikizira kapena kusinthira zili m'buku la FAA lotchedwa AC 43.13-1B. Thabwa la kumsika, ngakhale likongole bwanji, lisayandikire phiko.

Zitsulo sizivuta kwenikweni. Mabawuti adzimbiri tayani, mugule a ndege enieni, osati a m'sitolo ya hadiweya. Mawaya owongolera apukuteni ndi kansanza: pamene kakodwa pali kawaya koduka, ndipo waya yenseyo achoke. Zitsulo zochirikiza phiko zimachita dzimbiri m'kati chakumunsi, kunja kukuoneka bwinobwino. Mukatha zonsezi pakani vanishi, muitane woyendera adzaone mafupa ali pambalambanda.

Tsopano kuiveka. Nsalu ya masiku ano ndi ya polyester, ndipo njira zodziwika ndi monga Ceconite ndi Poly-Fiber. Sankhani imodzi, mutsatire buku lake kuyambira guluu mpaka penti womaliza, osasakaniza. Steve Wittman, katswiri wa mipikisano ya ndege amene bwalo la ndege la ku Oshkosh linatchedwa dzina lake, anafa mu 1995 ali ndi zaka 91, pamodzi ndi mkazi wake, nsalu itamatuka paphiko la ndege imene anapanga yekha. Ngati zinamuchitikira iyeyo, inu ndi ine tisachenjerepo.

Nsaluyo amaikunga ndi simbi yamagetsi yositira zovala. Koyamba mumaisita pa madigiri 121 a Celsius, kenako mumakweza pang'onopang'ono osapyola 177, ndipo mumaiona ikudzikoka, makwinya akutha, mpaka italimba ngati chikumba cha ng'oma. Manambala a pa simbi musawakhulupirire, iyezeni ndi choyezera kutentha. Mukapyoza muyezo nsalu imafooka ndipo sibwereranso. Ikakungika isokereni kunthiti iliyonse ndi ulusi wake, pakani mankhwala a siliva otchinga dzuwa, ndipo musaiwale kuboola timabowo totulutsa madzi pansi pa phiko ndi kumchira. Timabowo timeneti tikanakhalapo totseguka, theka la zowola zimene munapeza zija sizikanakhalapo.

Injini imene yakhala zaka osalira imachita dzimbiri m'masilinda, kaya buku likuti yayenda maola ochepa. Ngati ndi Continental A-65, imene ili pa ma Pietenpol ambiri, makaniko wa ndege ayeze mphamvu ya silinda iliyonse, asuzumire m'kati, akonze magineto onse awiri ndi kabuleta. Koma nthawi zambiri chozimitsa injini m'mwamba si injiniyo, ndi njira ya mafuta. Tsukani thanki, sinthani mapaipi onse a labala, ndipo muone ngati mavu sanamange nyumba ya dothi m'kapaipi kopumira thanki. Mukatero imikani ndege mphuno ili m'mwamba ngati ikukwera, thanki ili ndi mafuta ochepa, mumasule paipi pa kabuleta n'kuyeza amene akutuluka ndi wotchi m'manja. Mafuta otsika okha popanda pampu ayenera kutuluka kamodzi ndi theka kuposa amene injini imamwa ikatsegulidwa yonse.

Khalaninso pampando, mumange malamba, muyese kufikira chilichonse. Woimba John Denver anafa pa 12 October 1997 ku Monterey Bay, California, m'ndege ya Long-EZ imene anali atangogula kumene kwa munthu wina. Wopanga ndegeyo anaika chosinthira mathanki kumbuyo kwa phewa lamanzere m'malo mwa pamene mapulani ananena. Ofufuza anapeza kuti potembenuka kuti achifikire, ndege inamupulumuka.

Musanaganize zouluka, ikwezeni pa masikelo atatu. Ndege iliyonse imanenepa ikamakalamba, ndipo manambala akale asakunyengeni. Pietenpol ili ndi khalidwe lake: anaipangira injini yolemera ya Ford, ndiye ikapatsidwa Continental yopepuka, woyendetsa wathupi atakhala pampando wakumbuyo, imalemera kumchira. Ndege yolemera kumchira imadzutsa mphuno yokha ndipo ikataya liwiro imavuta kuibweza. Pakati pa kulemera kwake pasapyole mainchesi 20 kuchokera kutsogolo kwa phiko. Mwayi wake ngwakuti phiko la ndegeyi limatheka kulisunthira m'mbuyo pang'ono popendeketsa timizati tolinyamula.

Chotsala ndi inuyo. Miyezi yonseyi mwakhala kalipentala, ndipo manja anu aiwala ndodo yowongolera. Kafukufuku wa mu 2012 wa NTSB, bungwe lofufuza ngozi ku America, anasonyeza kuti ngozi zingapo za ndege zopangira pakhomo zimachitika paulendo woyamba wa mwini watsopano. Ndege ya tayala lakumchira imafuna mapazi ogalamuka: mukangozengereza potera, mchira umafuna kupitirira mutu ndipo ndege imazungulira ngati nguli. Pezani mphunzitsi, muuluke naye m'ndege yofanana nayo monga Piper Cub kufikira kutera kutasiya kukuthamangitsani mtima. Ine ndimaona kuti palibe manyazi kupempha wozolowera kuti ulendo woyamba auluke ndi iyeyo. Ndipo ngati munasintha zazikulu monga injini, chikalata chija chimafuna kuti ndege ibwerere pa mayeso, nthawi zambiri maola osachepera 5, m'dera loikidwa, popanda wokwera.

Poliza injini yopanda sitata mangani mchira pachikhomo, ikani zopinga kumatayala, chifukwa ndege zathawapo eni ake atangopukusa pulopela. Iyendetseni pansi masiku angapo, mukumvetsera mabuleki ndi kutentha kwa oyilo. Tsiku lililonse yesani ndodo maso ali kuphiko: mukaikankhira kumanja, kachipsepse ka phiko lamanja kadzuke, ka lamanzere katsike. Mawaya olumikizidwa mopingasa apha anthu amene anachita zina zonse molondola.

Tsiku louluka lisakhale la chikondwerero. Achibale ndi makamera amakakamiza munthu kunyamuka mtima ukukana. Sankhani m'mawa kopanda mphepo, bwalo lalitali, anthu awiri okha pansi, wina ali ndi chozimira moto. Musananyamuke dziwani kale munda umene mudzateremo injini ikazima mutangochoka pansi, ndipo mundawo ukhale kutsogolo. Kukhotera m'mbuyo muli pafupi ndi nthaka ndiko kumagwetsa ambiri. Kwerani mozungulira pamwamba pa bwalo pomwepo. Mukafika patali bwino chepetsani liwiro pang'onopang'ono kuti mumve pamene ndege ikuyamba kulefuka, chifukwa nambala imeneyo ndiyo idzakuuzeni liwiro lotererapo. Theka la ola ndi lokwanira.

Mukatera vundukulani injini, mufufuze podontha oyilo kapena mafuta, mugwedeze chilichonse chimene munamanga, mulembe m'buku zonse zimene mwaona mukadazikumbukira. Mabawuti a pulopela yamatabwa muwayezenso kulimba kwake mukatha ulendo woyambawu, komanso nyengo ikasintha, pakuti thabwa limafufuma m'dzinja n'kunyala m'chilimwe.