Maulendo Aafupi a Kafukufuku ndi Nkhokwe za Mawu: Chitsanzo cha ALLEX

M'chaka cha 1992 akatswiri a pa Yunivesite ya Zimbabwe, motsogozedwa ndi Herbert Chimhundu, adayamba ntchito ya ALLEX mogwirizana ndi anzawo a ku Oslo ndi ku Gothenburg. Ankayenderana kwa nthaŵi zochepa, uku akusonkhanitsa m'kompyuta nkhokwe za mawu a Chishona ndi Chindebele. M'menemo mudatuluka Duramazwi reChiShona mu 1996 ndi Isichazamazwi SesiNdebele mu 2001.

Nanga kuyenderanako nkofunika bwanji, makalata alipo? Titengepo chitsanzo m'Chicheŵa. Kompyuta yosalangizidwa imatenga chilichonse chokhala pakati pa mipata iŵiri ngati liwu lapalokha. Tsono "ndinamuona", "sadzationa" ndi "kuonana" imawayesa mawu atatu osagwirizana, chonsecho muzu wake ndi umodzi, -on-. Katswiri wa ziŵerengero wosadziŵa zinenero za Chibantu sangatulukire zimenezi payekha, ndipo kumlongosolera za aphatikiram'mbuyo ndi aphatikiram'tsogolo kumafulumira mukakhala pa tebulo limodzi, zolakwa za makinawo zikuoneka pamaso.

Choopsa nchakuti wa kuno angasanduke mtengamawu chabe. Nchifukwa chake asananyamuke ayenera kugwirizana ndi omlandira, molemba, za kumene nkhokweyo idzasungidwe ndi maina amene adzalembedwe pa zotsatira zake.