Phunziro la Zoweta: Agalu Awiri Akuda, Mwana Wachikasu

Mlimi wina amene anaphunzira pano anabwera ndi dandaulo. Anapereka mbuzi kuti galu wake wakuda wa mtundu wa Labrador akweredwe ndi galu wakuda wa mnzake. Patapita masiku pafupifupi 63 kunabadwa ana 8, koma awiri anali achikasu ndipo mmodzi anali wofiirira. Iye akufuna mbuzi yake ibwerere, chifukwa akuti ananamizidwa. Akuluakulu anati, “Make mbuu, mwana mbuu,” koma tisanaweruze mlanduwu tiyeni tione zimene zimabisika m’magazi a zoweta.

Majini amayenda awiriawiri

M’thupi la chamoyo chilichonse muli malangizo obadwa nawo amene asayansi amawatcha majini. Musawasokoneze ndi majini a mizimu, pakuti awa ndi malangizo olembedwa m’maselo. Galu ali ndi makromosomu 78, ndiwo mapeya 39, ndipo pa peya iliyonse, imodzi imachokera kwa make, ina kwa atate wake. Chotero mwana aliyense amalandira majini awiri a khalidwe limodzi.

Gregor Mendel, amene ankayesa nsawawa m’munda wa nyumba ya amonke ku Brno, anafalitsa zimene anapeza mu 1866. Iye anaona kuti pa majini awiriwo, lina limakhala lamphamvu ndipo limaonekera, pamene lina limabisala. Lobisalalo silifa. Limadikira kufikira litakumana ndi linzake lofanana nalo, ndipo pamenepo limatulukira poyera.

Kuwerengera kwake

Pa agalu a Labrador, jini la ubweya wakuda timalilemba B, ndipo la ubweya wofiirira timalilemba b. Galu wa BB ndi wakuda. Galu wa Bb ndi wakudanso, chifukwa B amaphimba b, ndipo maso sangawasiyanitse awiriwa. Wofiirira ndi wa bb yekha. Agalu awiri a Bb akakwerana, mwana angalandire BB, Bb, bB kapena bb. Mwayi wobadwa wofiirira ndi umodzi pa inayi.

Palinso peya yachiwiri, E ndi e, imene imalola kapena kuletsa utoto wakuda ndi wofiirira kulowa mu ubweya. Galu amene walandira ee amakhala wachikasu, kaya ali ndi B kapena b. Makolo onse awiri akakhala a BbEe, pa ana 16 tingayembekezere akuda 9, ofiirira 3 ndi achikasu 4. Ziwerengerozi ndi mwayi chabe, si lonjezo pa bere limodzi.

Tsono mnzathu uja sananamizidwe. Mwana wachikasu analandira e mmodzi kwa atate wake, wina kwa make. Theka la “mlanduwo” linali kugona pakhomo pake pomwe, ndipo mbuzi ikhale kumene inapita.

Pamene mtundu wa ubweya umaulula zoona

Lamulo lomweli lingagwire wolakwa. Ma Labrador awiri achikasu amabala achikasu okhaokha, chifukwa alibe E woti apereke. Awiri ofiirira sangabale wakuda. Ngati wakuda wabadwa, dziwani kuti galu wina analowa mumpanda, pakuti ana a bere limodzi angakhale ndi atate osiyana. Komabe kulowerera kotero sikuwononga mabere otsatira, monga ena amakhulupirira. Bere lililonse limatengera kwa makolo ake okha. Agalu athu a m’midzi ali ndi majini ambiri osakanikirana, choncho pa iwo musafulumire kuweruza ndi chitsanzo chimenechi.

Chenjezo

Agalu ena, monga a Border Collie ndi Australian Shepherd, amakhala ndi mawangamawanga otuwa otchedwa merle. Musakweretse awiri a mawanga amenewa. Mwana mmodzi pa anayi angalandire jinili kawiri, ndipo otere kawirikawiri amabadwa oyera kwambiri, ogontha kapena a maso olumala. Kukongola kwa chikopa kusakuiwalitseni thanzi. Galu wa pafamu timamusankha chifukwa cha makutu akumva, kulimba mtima ndi kusagwira nkhuku.

Phindu lake pafamu

Taphunzira ndi galu chifukwa mtundu wa ubweya umaoneka msanga, koma lamuloli ndi limodzi m’khola ndi m’munda. Ng’ombe ziwiri zakuda za Angus zingabale mwana wofiira. Chimanga cha haibulidi chimamera mofanana chaka choyamba, koma mukabzala mbewu yochokera m’nkhokwe, makhalidwe obisika amatuluka, mapesi amasiyana msinkhu ndipo zokolola zimatsika. Maso amaona chikopa chokha, koma kope la zolemba limakumbukira makolo ndi agogo. Lembani tsiku lokweretsa, wamwamuna amene anakwera, chiwerengero cha ana ndi maonekedwe awo.

Ntchito ya mwezi uno

1. Galu wa Bb wakwerana ndi wa bb. Pa ana 8, ndi angati amene tingayembekezere kukhala ofiirira?
2. Muli ndi galu wakuda. Kodi mungamukweretse ndi galu wotani kuti mudziwe ngati akubisa b?
3. Sankhani chiweto chimodzi pakhomo panu, mulembe maonekedwe a make, atate wake ndi ana ake. Mubwere nalo kopelo ku kalasi yotsatira.