Malangizo kwa Ofuna Maphunziro a Mtendere

Omvera athu a ku Utale, ndi inu a kutsidya kwa Shire ku Machinga, tcherani khutu. Inu amene mwatha zaka zisanu mukuyanjanitsa abale pa milandu ya minda ndi malire, kapena mukutchinjiriza ufulu wa amasiye, ndipo muli ndi digiri yoyamba, dziwani kuti bungwe la Rotary limalipirira maphunziro a mtendere pa yunivesite ya Makerere ku Kampala, kumene ophunzira oyamba analowa m'chaka cha 2021. Pajatu mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Komatu osankha sakopeka ndi mawu okometsera, afuna umboni: mkangano uti munauzimitsa, nanga mboni zanu ndani? Kalembera amatsekedwa mu Meyi, choncho yambani kulemba lero lomwe.