Matenda a Misala ya Ng'ombe: Malangizo kwa Oweta ndi Mabanja Awo

Matenda a misala ya ng'ombe, omwe madokotala a ziweto amawatchula kuti BSE, anadziwika koyamba ku Britain mu 1986. Kuno ku Malawi sanapezekepo, koma mmene anayambira ndi nkhani yokhudza aliyense amene ali ndi khola.

Gwero lake

Ng'ombe chakudya chake ndi msipu. Koma ku Britain, pofuna kuti mkaka uchuluke, opanga zakudya za ziweto ankatola zotsala kophera ng'ombe ndi nkhosa, monga mafupa ndi zam'kati, n'kuziphika, kuzigaya ndi kuzisakaniza m'chakudya cha ng'ombe. Ng'ombe zinayamba kudyana zosadziwa. Yodwala imodzi ikagayidwa, ufa wake unkafika m'makola ambirimbiri.

Choyambitsa matendawa si kachilombo ngati tomwe tinazolowera. Ndi puloteni yopindika molakwika yotchedwa prion, imene imapotozanso mapuloteni abwino a mu ubongo mpaka ubongowo utadzala timabowo ngati siponji. Choopsa n'chakuti ng'ombe imatha zaka 4 kapena 5 ikuoneka yathanzi. N'chifukwa chake, ngakhale boma la kumeneko linaletsa chakudya chimenechi mu 1988, mliri unafika pachimake mu 1992, pamene ng'ombe pafupifupi 37,000 zinapezeka nawo m'chaka chimodzi. Zonse pamodzi zinapitirira 180,000, ndipo zoposa 4 miliyoni zinaphedwa pofuna kuthetsa mliriwu.

Anafika bwanji kwa anthu?

Kwa zaka zingapo anthu ankauzidwa kuti nyama ilibe vuto. Mu Malichi 1996 boma la Britain linavomera kuti matenda atsopano a ubongo, otchedwa vCJD, akuoneka kuti akuchokera ku nyama ya ng'ombe zodwala. M'dzikolo anthu 178 amwalira nawo, ambiri a iwo achinyamata. Wodwala amayamba kukhumudwa ndi kusintha khalidwe, kenako amadzandira, amaiwalaiwala, mapeto ake amalephera kuyenda ndi kulankhula. Mankhwala palibe, katemera palibe.

Amayi ndi abambo, apa mumvetse bwino: moto wophikira supha prion. Kuwiritsa, kuwotcha kapena kuwamba sikuthandiza. Prion imachuluka kwambiri mu ubongo, m'maso ndi mu mtsempha woyera uja wa m'kati mwa fupa la msana.

Ng'ombe yanu ikayamba kuchita zachilendo

Ng'ombe ya BSE imadzidzimuka ndi kaphokoso kakang'ono, imaponya zidendene pokamidwa, imadzandira, imawonda ndipo mkaka umachepa. Koma kwathu kuno ng'ombe yochita ngati yapenga nthawi zambiri imakhala ndi chiwewe kapena matenda obwera ndi nkhupakupa. Chiwewe nachonso chimapha munthu, ndipo chimapatsirana kudzera m'malovu. Choncho musapise dzanja m'kamwa mwake poganiza kuti yatsamwidwa. Ipatuleni pa zinzake, ana asayandikire, ndipo itanani alangizi a ziweto tsiku lomwelo. Ngati yaluma munthu, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako thamangirani naye kuchipatala.

Tikudziwa chimene chimachitika m'midzi: ng'ombe ikayamba kudzandira, mwini wake amathamangira mpeni kuti apulumutseko kandalama, nyama n'kugulitsidwa motchipa kapena pangongole. Kutaya ng'ombe kumapweteka, sitikukana. Koma nyama imeneyo imadyedwa ndi ana anu ndi a anansi anu.

Ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa zipatseni msipu, madeya, mapesi ndi masangwi a mtedza. Musazipatse zotsala za nyama, ufa wa mafupa kapena chakudya chopangira nkhuku ndi nkhumba, chifukwa chakudya chotere nthawi zina chimakhala ndi zochokera ku nyama. Pogula ndiwo, gulani nyama yoyezedwa ndi a zaziweto. Chiweto chikafa chokha musachisende. Uzani alangizi, ndipo iwo akuuzani mmene mungachikwirire kapena kuchiwotcha.