Za Kuikira Ana Malire M'nyengo ya Fodya

M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene fodya athyoledwa kuno ku Kasungu, amayi ambiri asiya tiana tawo m'manja mwa alezi a ku mkombaphala, kapena mwa agogo. Tsono tifunsane: kodi mwana wosiyidwayo timuikire malire otani, ndipo tiwasunge bwanji?

1. Malamulo akhale owerengeka. Mwana wa zaka 4 sakhoza kusunga malamulo khumi. Atatu akwana: asayandikire chitsime cha ku nazale, asagwire botolo la mankhwala opopera, asalowe m'chigafa kukasewera ndi masamba. Lachitatuli si nkhanza ayi. Tsamba laliwisi la fodya likanyowa ndi mame kapena mvula, chikonga chake chilowa m'thupi podzera pakhungu, ndipo mwana amva chizungulire, mutu ndi nseru, nasanza, angakhale sanasutepo.

2. Lamulo lisasinthesinthe. Ngati mlezi aletsa m'mawa, koma madzulo atate amuitana mwanayo kudzasoka fodya chifukwa manja achepa, iye aphunzira kuti lamulo ndi mawu chabe. Chifukwa chake makolo ndi alezi apangane chimodzi. Tikumbukirenso kuti lamulo la ntchito la chaka cha 2000 liletsa kulemba ntchito mwana wosafika zaka 14. Ndalama za ku msika wa Chinkhoma sizibweza thanzi la mwana.

3. Kudzudzula kusakhale kwa mkwiyo. Ambiri a ife tinaleredwa ndi mkwapulo, ndipo tidziwa chimene unatiphunzitsa: kubisa cholakwa. Taganizani, mwana walawa mankhwala aja, naopa kumenyedwa, nakhala chete. Kukhala chete kumeneko kukhoza kumupha. Tsono wolakwayo timuitanire pambali, timuuze cholakwa chake ndi mawu ochepa, akhale pansi kanthawi ife tikumuona, pambuyo pake abwerere kwa anzake. Kumumana phala ayi, pakuti kwa ana ena phala limenelo ndilo chakudya choyamba cha tsikulo. Ndipo akadza yekha kudzaulula, tiyambe ndi kumuyamika.

Makolo athu anati, kuongola mtengo mpoyamba. Koma woongola ndi ukali athyola mtengowo.

Mafunso okambirana: Kodi ana a m'nyumba mwathu akhoza kutchula malamulo atatu aja? Nanga mwana wathu atalakwa lero, athamangira kwa ife kapena atithawa?