Malangizo: Pokumbukira Malemu, Tiyezetse Mitima ya Ana

Mayi wina wafunsa: mwana wake anagwa pabwalo la mpira osadzukanso, ndiye abale akusonkha ndalama za chiliza. Achite chiyani kuti imfayo isabwerenso pakhomo?

Amayi, pepani. Chiliza mangani ndithu, koma patulaniko ma meticais ena aulendo, abale ake a malemu akayezetse mtima. Matenda ena amtima amayenda m'magazi a pabanja. Ena, omwe ndi ofala kwathu kuno ku Milange, amayamba ndi zilonda zapakhosi zomwe timazipeputsa, kenaka nkumawononga mtima mwakachetechete. Kafukufuku wa ana asukulu ku Maputo, wosindikizidwa mu 2007, anapeza vutoli mwa ana pafupifupi 30 pa 1,000 aliwonse ataunika ndi makina. Pongomvetsera pachifuwa anapezeka awiri okha.

Mwana akamapuma mobanika, kutupa mapazi, kukomoka pothamanga kapena kuphwanya m'mfundo, musadikire. Pitani naye kuchipatala, mupemphe kuti amuunike mtima. Akamuyambitsa jakisoni wa penisilini wa mwezi ndi mwezi, asadumphe ngakhale kamodzi.